Amene Ankayenda M'siling'i mwa Mayi Rennie

Alec Muirhead anali ndi ngongole kwa Moira Geddes, ndipo sinali ya ndalama. Anafika pakhomo pake ali kamnyamata, nsapato zobooka, nthiti zili pamtunda, osadziwa ndi kogwira sipanala komwe. Malemu Dougal, mwamuna wa Moira, ndiye anamuphunzitsa ntchito ya gasi, kuyambira kupinda paipi mpaka kuyatsa boyila, makina otenthetsa madzi ndi nyumba. Moira ndiye ankamuphikira. Zaka zinayi akudya supu wake, akufunda bulangete lake. Lero ndi bwana, magalimoto asanu olembedwa dzina lake m'mbali akuzungulira dera lonse la Fife, koma foni ya Moira sayankha.

Moira sankapempha zambiri. Ankangofuna kuti munthuyo akaime pamaso pa woweruza, anene mawu ochepa: Fraser Geddes wandigwirira ntchito zaka zisanu ndi zitatu, manja ake ndimawadziwa. Basi. Milungu isanu ndi umodzi akuimba, Alec ali ziii.

Fraser ndi mwana wa Moira, mmodzi yekhayo, wobadwa mochedwa. Mu Okutobala, Alec anamutuma kukaika boyila yatsopano ya gasi m'nyumba ya Mayi Ishbel Rennie, mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi atatu. Anaikoloweka pakhoma m'khitchini, nalumikiza gasi ndi madzi, paipi ya utsi naidutsitsa m'siling'i kukatulukira padenga. Mu Febuluwale Mayi Rennie anapezeka atafa pampando wawo, wailesi yakanema ikulankhula yokha. Apolisi ndi akatswiri a gasi atakwera m'siling'i anapeza paipi ya utsi itaguluka polumikizira, lamba wachitsulo womangira ali lende. Utsi wa gasi suoneka, sununkha. Unkangotsikira m'zipinda tsiku ndi tsiku. Kabelu kochenjeza za utsi, kamene Fraser ankalumbira kuti anakhoma pakhoma, sikanapezeke paliponse.

Lachisanu m'mawa Moira anamupeza Fraser m'khitchini atavala jekete, tiyi atazizira m'manja. Chichitikireni ngoziyo Fraser anazimitsa boyila ya m'nyumba mwawo momwe. Ankati ikayaka amamva ngati munthu wapuma kumbuyo kwake.

"Lolemba ndikavomera, Amayi."

"Ukavomera chiyani?"

"Mlandu. Loya akuti ndikavomera andichepetsera zaka."

"Loya ameneyo anayamba wagwirapo sipanala? Ndiyang'ane. Lamba uja unamanga kapena sunamange?"

"Ndinamanga. Ndikuganiza kuti ndinamanga." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Foni inalira ndili m'mwambamo. Ndikatseka maso ndimaona dzanja langa likumanga. Ndikatsekanso ndimaliona likusiya. Mayi Rennie anandipatsa mabisiketi tsiku limenelo, Amayi. Anati ndili ndi nkhope ya munthu wosadya."

"Za mabisiketi uziuza abusa. Ine undiuze zimene unasiya m'siling'imo. Zonse."

"Fumbi. Makatoni a zokongoletsa pa Khirisimasi. Thanki yakale ya madzi otentha."

"Ya mkuwa?"

"Ya mkuwa."

Moira anaika kapu pansi. Anakhala zaka makumi atatu ndi munthu wa gasi, ndipo zimenezi ankazidziwa. Boyila zatsopanozi sizifuna thanki, ndipo yakaleyo imakhala ya amisiri, amakaigulitsa kwa ogula zitsulo. Ndi mwambo, palibe amafunsa. Dougal sankasiya ngakhale kachidutswa ka mkuwa kotalika ngati chala.

"Mwana wa Dougal kusiya thanki yathunthu?"

"Ndinaiwala kuitsitsa ndisanamange paipi. Nditamaliza ndinaona kuti paipiyo yatseka njira. Kuti ituluke ndikanayenera kumasulanso zonse, ndiye ndinangoisiya."

"Kiyi wa nyumbayo?"

"Ndinakamukoloweka ku ofesi, ngati nthawi zonse. Amayi, zisiyeni. Munthu anafa."

"Anafa, inde. Ndiye ufenso iwe?" Moira anamanga mpango kumutu. "Idya buledi uyo. Ndikabwera ndisamupeze."

*

Nyumba ya Mayi Rennie inali yakumapeto kwa msewu, yopanda chipinda chapamwamba, kutsogolo kuli galimoto yofiira. Moira anayamba wagogoda nyumba yoyandikana nayo. Mazenera onse oyang'ana kwa malemuwo anali otseka makatani, masana dzuwa lili phwee.

Anatsegula Tam Baird, amene anayendetsa basi ya m'tauniyo mpaka tsitsi kutha.

"Aa, si Moira Geddes uyu? Anthu ankati munasamukira kumanda."

"Anakana kundilandira. Ishbel anayamba liti kudwala mutu?"

"Ngakhale moni, mayi? Basi yanga munkakwera osalipira mwana, lero mwandiiwala?"

"Mwanayo ndi amene akupita kundende Lolemba. Yankhani."

Kumwetulira kunachoka. Tam anamulowetsa, koma sanamupatse mpando.

"Ine apolisi ndinawauza kale zonse. Ndinaona katani losatsegula, ndinagogoda, ndinaimba foni. Kwatha."

"Sindinafunse za tsiku limene anafa. Disembala uja kunazizira mpaka mapaipi kuphulika m'tauni monse. Boyila inkayaka?"

"Usana ndi usiku! Ishbel ankati chikwatiwireni sanafundepo chonchi. Chaka chatsopano ndine ndinayamba kuponda pakhomo pake monga mwa mwambo wathu, khala la malasha dzanja ili, botolo la wisiki dzanja linali. M'nyumba muli fuu, ngati mophikira buledi. Anamwa matambula awiri, anaimba nyimbo ina imene sindingaibwereze pamaso pa mayi. Mutu? Mutu unandipweteka ine m'mawa mwake."

"Ndiye miyezi itatu ali bwinobwino."

"Ali bwinobwino. Mpaka pamene Hector anabwera."

"Hector ndani?"

"Mwamuna wake." Tam anayang'ana kukatani. "Tinamuika m'manda zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Ine ndinagwira chingwe cha kumiyendo."

Moira sanaseke. Anadikira.

"Anandiitana pampanda, nkhope ili mbee. Akuti, Tam, Hector wabwera, ndamumva akuyenda m'siling'i. Ndinati, Ishbel, Hector ali moyo sankayenda kuchoka pampando kupita kukhitchini, ayambe lero? Iye osaseka. Kuchokera pamenepo zinthu zinasintha. Mutu, chizungulire, miyendo kulemera. Ankati madzulo akakhala pampando amamuona ataima pakhomo la khitchini, chipewa m'manja. Mphaka anathawa, mpaka lero amadya kwanga kuno. Ine ndemwe ndikalowamo ndinkamva ngati wina wandikhalira pachifuwa."

"Nanga kabelu?"

"Kabelu kanji?"

"Musandichedwetse, a Tam. Mwana wanga anakhoma kabelu. Apolisi akuti kunalibe. Ishbel sakanakwera pampando kukazula, anali ndi chiuno chachitsulo. Munthu wamwamuna wapafupi ndinu."

Tam anakhala pansi. Kenako anadzukanso, natuluka khomo lakumbuyo, Moira ali pambuyo pake. M'kanyumba ka zida, kuseri kwa zitini za penti, anatulutsa chitini cha mabisiketi. M'katimo munali thawulo, m'thawulomo munali kabelu koyera.

"Kankalira osaleka," anatero. "Ishbel anati, kachotse, Tam, kakumuthamangitsa Hector, akangofika ikonso kayamba. Ine ndinkayesa kawonongeka. Zinthu za masiku ano zimalira zilizonse, ukapsereza buledi kalira. Nditafika nako panja kanakhala chete, ndinati waona, n'kopenga." Anapukuta mphuno. "Akandimanga, Moira?"

"Sindine wapolisi. Koma mukanena nokha lero, ndikauza aliyense kuti munanena nokha. Mukadikira Lolemba, ndikakukokani ndi khutu kudutsa msewu waukulu. Sankhani." Anaika chitinicho m'khwapa. "Kanayamba liti kulira?"

"Tsiku lomwe Hector anabwera, madzulo ake. Kumbuyo konseko kanali chete."

"Tsiku lanji?"

"Ine masiku anandisokonekera chisiyireni basi. Funsani mwana wake, Elspeth, galimoto yofiira ija ndi yake. Ishbel anamuimbira foni." Tam anatseka chitseko cha kanyumbako. "Anamuimbira chinthucho chikuyenda pamutu pake."

*

Elspeth Rennie anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ku Perth, wamtali, wa magalasi. Anatsegula chitseko atanyamula mulu wa majuzi a mayi ake.

"Ndikukudziwani," anatero. "Mulibe chochita pano, Mayi Geddes. Chonde chokani."

"Ndichoka. Mphindi zisanu."

"Mwana wanu anapha mayi anga."

"Mwina. Ngati anapha, ndikamuperekeza ndekha mpaka pachipata cha ndende, ndipo simudzandionanso. Koma ngati si iye, amene anapha akudya bwino lero, ndipo inu ndi amene mukumuphikira. Mphindi zisanu."

Elspeth anapatuka, namulola kulowa.

M'nyumbamo munali mozizira kuposa panja. Gasi anadula. Pakhoma la m'khitchini panali malo oyera pamene panali boyila, apolisi anaitenga, mapaipi anayi atangoti tolotolo ngati zala. Mpando uja unali pamalo pake, mtsamiro ukadali ndi dzenje la mutu. Moira anaulambalala patali.

"Mayi anu anakuimbirani foni tsiku lina, akuti bambo anu ali m'siling'i."

"Anakuuzani ndani? Tam?" Elspeth anaika majuzi patebulo. "Sindinayankhe, ndinali m'kalasi. Anasiya uthenga. Nditaumva ndinaganiza kuti ukalamba wayamba kuwalowa m'mutu. Ndinawalembetsa kwa dokotala, tsiku lake linali mu Malichi. Pambuyo pake akatswiri anandiuza kuti utsiwo umaonetsa munthu zinthu zoti palibe. Ndiye onani, Mayi Geddes, uthengawo sukuthandiza mwana wanu."

"Muli nawo?"

"Ndimaumvera tsiku lililonse."

"Ndimve."

Elspeth anatulutsa foni, naiika patebulo pakati pawo. Kunamveka kupuma, kenako mawu a nkhalamba, onong'ona.

"Elspeth. Elspeth, ndine. Bambo ako ali m'mwambamu. Sindinapite kuholo lero, panja paterera, ndinangogona. Akuyenda, mwanawe. Tamvera." Kunali chete pang'ono. Kenako, chapatali, gu. Gu. Ndiyeno phokoso lalitali, khwee, ngati chinthu cholemera chikukhukhuluzidwa pathabwa. "Wamva? Akutenga katundu wawo. Sindituluka, angachite manyazi. Hector? Ndiwe, Hector?"

Uthenga unathera pomwepo. Moira anayang'ana kudenga osafuna.

"Bwerezani."

"Sindingathe."

"Bwerezani, mayi. Koma ulendo uno musamvere mayi anu. Mverani kumbuyoko."

Anabwereza. Gu. Gu. Khwee.

"Ine sukulu ndinalekera panjira," anatero Moira, "inu ndinu ophunzira, mundithandize. Utsi ungamveketse munthu mapazi m'mutu mwake. Chabwino. Kodi foninso imapuma utsi?"

Elspeth anavula magalasi.

"Linali tsiku lanji?"

"Lachiwiri. Pa 14 Januwale, hafu pasiti leveni." Anayang'ana pafoni, ngakhale ankadziwa pamtima. "Lachiwiri lililonse ankapita kuholo ya tchalitchi kukadya ndi anzawo. M'nyumba simunkakhala munthu."

"Ankadziwa zimenezo ndani?"

"Aliyense amene anagwirapo ntchito muno. Amisiri ankawauza kuti aziboola makoma Lachiwiri."

"Makwerero ali kuti?"

Mawondo a Moira anali a zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi, ndipo ankalira sitepe iliyonse. Anakankha kachitseko ka m'siling'i ndi mutu, naunika ndi tochi ya Elspeth. Paipi ya utsi apolisi anaichotsa, koma bowo lake linalipo pafupi ndi kachitsekoko, ndi lina padenga, lotseka ndi pulasitiki imene inkapuma ndi mphepo. Makatoni a Khirisimasi analipo. Kuseri kwake, pathabwa lakuda ndi fumbi la zaka makumi anayi, panali malo ozungulira, oyera. Kuchokera pamenepo mizere iwiri yokandika inadutsa ndendende pamene paipi inkaima, kudzathera pamphuno pa Moira.

Apolisi anaona zimenezi, osakayika. Koma wapolisi amafufuza chimene chilipo. Sangafunse za thanki imene sanauzidwe.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Elspeth pansipo.

"Bambo anu ankagulitsa mkuwa ali moyo?"

"Ayi. Anali telala."

"Ndiye ayamba atafa. Tengani makiyi a galimoto."

*

Wogula zitsulo m'dera lonselo anali mmodzi, Gus Pirie, kuseri kwa doko lakale. Anamupeza m'kaofesi kake atakweza miyendo pa hita, akudya buledi wa soseji.

"Mkazi wa Dougal! Mwabwera kudzandigulitsa zida zija tsopano? Zaka zisanu ndikupempha."

"Ndabwera kudzaona buku lako. Pa 14 Januwale."

"Buku ndi la boma, mayi. Dzina, chiphaso, tsiku, zonse amafuna iwo. Si la aliyense wodutsa."

"Ine ndine aliyense? Sikelo yako ija imene imadya kilo imodzi pa khumi alionse, ndinauzapo munthu?"

"Inakonzedwa kalekale ija." Gus anatafuna pang'onopang'ono. "Tinene chonchi. Kanyumba ka Dougal konse, mkuwa, mtovu, zida, ndiye mwina buku lingatseguke lokha ine ndikuyang'ana kunyanja."

"Mtovu wokha."

"Mtovu ndi mkuwa."

"Mtovu ndi theka la mkuwa. Zida ndi za Fraser, adzazifuna."

"Kundende?"

Moira anangomuyang'ana. Gus anatsitsa miyendo.

"Pepani. Pakamwa panga n'potero." Anapukuta zala pabuluku, natsegula buku lalikulu. Chala chinatsika, chinaima. "Oo. Limeneli ndikulikumbuka ngakhale popanda buku. Thanki imodzi, mkuwa wakale wochindikala, wa nthawi ya migodi. Itamatirira thonje lachikasu lija amayala m'siling'i kuletsa kuzizira. Anafika nayo isanakwane wani koloko, iyenso thonje lili m'tsitsi monse."

"Ndani?"

"Chimene chinandidabwitsa, sananenerere. Ndinatchula mtengo wanga woyamba, uja ndimatchula kuti tiyambirepo kukangana, iye n'kungoti chabwino. Nkhope ili ngati waona maliro ake omwe. Zaka makumi awiri ndikugula kwa iye, sanayambe wavomerapo mtengo woyamba."

"Gus, ndikuthira tiyi uyu m'khutu. Ndani?"

Anatembenuza buku. Moira kuwerenga amachedwa, koma dzina limenelo anali atalilemba yekha pa zovala za ntchito za kamnyamata kena kalekale, kuti zisasokonekere ndi za Dougal. A. Muirhead. Pambali pake, mapaundi 83.

Elspeth, amene anaima pakhomo nthawi yonseyi, anayandikira kudzaona dzinalo.

"Ali kuti lero?" anafunsa Moira.

"Msewu wa kuphiri, nyumba ya chitseko chobiriwira. Akuika boyila yekha, poti mnyamata wake wabwino kulibe." Gus anatseka buku. "Wandilonjeza thanki ina madzulo ano."

*

Galimoto ya dzina la Alec inali panja. Eni nyumba anali kuntchito, chitseko chili chotsegula, nsalu zotchinga fumbi zitayalidwa mpaka kukhitchini.

"Imani pano," Moira ananong'oneza Elspeth m'kanjira. "Musakhosomole. Akakuonani atseka pakamwa."

Alec anali atagwada. Boyila yatsopano inali kale pakhoma, chivundikiro chili pambali, m'kati mwake muli mbee. Ankapaka madzi a sopo ndi kaburashi polumikizira paipi ya gasi, nkhope ili pafupi, kudikira ngati patuluke thovu. Anali atanenepa chimuonereni Moira, koma jekete linkamukhwepa m'mapewa ngati wayambanso kuonda.

"Ukuyang'ana bwino masiku ano," anatero Moira.

Kaburashi kanagwa.

"Mayi Geddes! Mwandidzidzimutsa. Ndinkati ndikuimbireni, ntchito yangochuluka. Fraser ali bwanji?"

"Akuona mizukwa. Iwe sukuiona?"

"Ndikumva chisoni, mayi, Mulungu akudziwa. Koma loya wanga anati ndisalankhule kanthu mlandu usanathe."

"Ndachokera kwa Gus."

Alec anatola kaburashi, nakayang'ana ngati sakukadziwa.

"Ndimagulitsa mathanki mlungu uliwonse."

"Pa 14 Januwale. Lachiwiri, tsiku limene Ishbel sakhala pakhomo. Kiyi anali pa msomali mu ofesi mwako. Thanki singadutse paipi ili chomanga, zimenezo ngakhale ine ndikudziwa. Dougal ankakuuza chiyani za lamba wa utsi, Alec? Ankakuuza chiyani akukumenya ndi chipewa?"

"Musamutchule."

"Ndimutchula. Ndinagona naye zaka makumi atatu. Ankati chiyani?"

"Dzanja lomasula ndilo limanga." Mawu anatuluka ngati a mwana wasukulu.

"Nanga lako linatani?"

Alec anakhala pansi, msana kutsamira kabati.

"Ndinkayesa mulibe munthu," anatero. "Ndinagogoda kawiri. Mkuwa unali utakwera mtengo, Januwale ntchito kulibe, ndinati bwanji iwolere m'mwambamo. Ntchito ya mphindi khumi. Ndinamasula lamba, ndinasuntha paipi, ndinakoka thanki. Ndikubwezera paipi m'malo mwake ndinamva mawu pansi panga. Onong'ona. M'nyumba yopanda munthu, mayi. Akuitana dzina la munthu wakufa. Hector, ndiwe? Magazi anauma. Sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji makwerero ndi thankiyo. Ndinazindikira ndili kwa Gus."

"Lamba?"

"Ndinakumbukira madzulo ake. Ndinati ndipita mawa. Koma ndikanati chiyani pakhomo? Kuti ndine wakuba uja, ndabwera kudzamaliza? Ndinati paipi ndinaikankha bwino, igwira. Ndinati Lachiwiri linalo. Lachiwiri linalo Mayi Rennie sanapitenso kuholo, anali akudwala kale." Anaphimba maso. "Ndimawamvabe. Siling'i iliyonse imene ndakwera, amaitana pansi panga."

"Zimene umamva ndi zako, sindinabwere kudzakutonthoza. Ndinkafuna ukanene kukhoti kuti manja a Fraser ndi abwino. Mtengo wakwera. Tsopano ukanena za manja ako. Vala jekete bwino, tikupita kupolisi."

"Ayi."

"Sindinamve."

"Ndati ayi, mayi." Anachotsa manja kumaso, ndipo Moira anaona nkhope ya bwana, osati ya kamnyamata kaja. "Buku la Gus likuti ndinagulitsa thanki. Silikunena kuti ya nyumba iti. Palibe anandiona. Zimene ndanena pano ndi mawu a mayi wa woimbidwa mlandu, ndani akakukhulupirireni? Fraser ndi wamng'ono. Zaka zitatu, mwina ziwiri, atuluka, ndidzamulembanso ntchito, ndikulumbira. Inu ndizikusamalani mwezi ndi mwezi. Ine ndili ndi anthu khumi ndi mmodzi amene amadya kwa ine, ndi ana awiri kusukulu."

"Ine ndili naye mmodzi."

"Sindipita."

"Unadya supu wanga zaka zinayi, Alec."

"Ndinadya. Sindipita."

Moira anagwedeza mutu pang'ono, ngati wamva mtengo umene ankauyembekezera. Anatembenuka.

"Mwamva zonse, mayi?"

Elspeth analowa. Magalasi anali m'manja, nkhope yonse ili chonyowa, koma mawu anatuluka owongoka ngati akuitana mayina m'kalasi.

"Ndamva zonse. Ankalankhula ndi ine, Bambo Muirhead. Mawu amene munamva aja. Ankandiimbira ine."

Alec anayang'ana Elspeth, anayang'ana Moira, anayang'ana khomo lakumbuyo, koma sanadzuke.

"Kufunsa komaliza," anatero Moira. "M'galimoto muli malo. Ukalowa wekha kupolisi, ndi zina. Akadzakutenga, ndi zinanso."

Alec anapukusa mutu, maso ali pansi.

"Chabwino. Tatha, ine ndi iwe."

Panja mphepo ya kunyanja inkaluma makutu. Elspeth anatsegula galimoto. Moira anatulutsa foni yake yakale, nadina nambala ya Fraser ndi chala chimodzi. Inaitana kasanu.

"Amayi?"

"Tamvera, ndipo usandidule. Lamba uja unamanga."

Moira ankamva kupuma kokha.

"Mwati chiyani?"

"Ndati unamanga, gonthi iwe. Anamasula ndi wina, wanena yekha, ndipo mwana wa Ishbel wamva ndi makutu ake. Lolemba ukakana."

Kunamveka mpando ukugwa, kenako mawu amene Moira sanawamve chiyambire Fraser ali wa thewera. Anachotsa foni kukhutu, nayang'ana kunyanja mpaka maso ake omwe atauma. Kenako anaibwezera.

"Zakwana. Kamete ndevu, uvale malaya oyera. Tikukudutsira, tikupita kupolisi."